Anakhoza Koma Sanasankhidwe

Ine ndine telala. Makina anga amakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika waukulu wa Zomba, ndipo ndakhala pamenepo kuyambira ndisanamere ndevu. Pachaka, ntchito imandichulukira kwambiri masabata a pakati pa kutuluka kwa zotsatira za mayeso a Sitandade 8 ndi kutsegulira kwa sukulu. Makolo amabwera atapanira nsalu ya yunifolomu kukhwapa, mwana ali pambuyo, ndipo asanakhale n'komwe pabenchi amayamba anena kumene mwanayo wasankhidwira. Ndinkawayamikira ndi mtima wonse. Za ana amene safika pakhondepo sindinkaziganizira, mpaka chaka chimene mwana wanga woyamba, wamkazi, analemba mayesowo.

Tinkakhala ku Zakazaka m'nyumba ya lendi. Mwanayu sanali woyamba m'kalasi mwake, ndisaname, koma pachigulu cha ana chija sankachoka kutsogolo. Masamu ankamuvutako. Chingerezi ndiye chinali chake, moti alendo okwera phiri akaima pakhonde panga kufunsa njira, ndinkaitana iyeyo ngati ali pafupi.

Tinamva pa wailesi kuti zotsatira zatuluka ndipo zafika m'masukulu. M'mawa mwake tinapita awiri. Mayi ake anatsala kunyumba, akuti mtima sukuwalola.

Mapepala anawamata pakhoma la ofesi ya ahedi, ndipo anthu anali atapanikizana pamenepo. Iye analowa pansi pa mikono ya anthu, ine ndinaima patali pamthunzi. Ndinamuona akutsata mayina ndi chala. Chalacho chinaima, iye n'kutembenuka akumwetulira.

"Ndakhoza, ababa."

Kenako anasunthira pa mapepala ena, a ana osankhidwa kupita kusekondale. Chala chinatsika mpaka pansi, chinakwera, chinatsikanso. Ana ena ankadumpha n'kukumbatirana, ena ankamukankha kuti awone nawo, koma iye sanachoke. Pomaliza ndinapita kukamugwira paphewa.

"Mwina adumphitsa," anatero chapansipansi. "Mwina pali pepala lina limene sanamate."

Tinadikira pamzere kuti tionane ndi ahedi. Anali bambo wachikulire wa mawu ofatsa, ndipo ankaoneka kuti mawu omwewo wawanena kale kwa makolo ambiri m'mawa umenewo.

"Bambo, kukhoza n'kwina, kusankhidwa n'kwina," anatero. "Mayeso akachongedwa, ana amawandandika potsata malikisi. Apamwamba kwambiri amapita kusukulu zikuluzikulu zogonera komweko. Otsatira amapita kuzogonera za m'boma lathu lino. Otsalawo amalimbirana malo m'masekondale oyendera. Pulayimale iliyonse ili ndi sekondale yoyendera imene imatumizako ana, ndipo yathu timagawana ndi mapulayimale ena a m'tauni muno, onse odzaza ngati ino. Malo akatha, mzere amaudula. Mwana wanu mzere wadukira pamwamba pake."

"Anatsala pang'ono, kapena kwambiri?" ndinafunsa.

"Zimenezo pepala silinena. Koma ndimamudziwa, si mwana wotsala kwambiri ameneyu."

Anatiuza kuti tisataye mtima, pali selekishoni yachiwiri. Ana ena osankhidwa sapita kumene awatumiza. Ena makolo amawapititsa kupulaiveti, ena amangosowa. Sukulu zikatsegulira n'kuwerenga amene afika, malo otsalawo amapatsa ana a pansi pa mzere. Mwana wanga ankamvetsera zonsezi ataima pakhomo, manja ali kumbuyo ngati ali pa asembule.

Masabata otsatirawo ndinkamutenga kupita naye pakhonde kuti asamangokhala kunyumba. Ankandisokera mabatani ndi kusita zimene ndamaliza. Tauni yonse inali pikitipikiti ndi ana ogula matilesi, ndowa ndi masutikesi. Tsiku lina kunabwera mnzake wa ku Mbedza amene ankakhala naye benchi limodzi, ali ndi mayi ake ndi nsalu. Anali atasankhidwira kusukulu ya atsikana yogonera komweko. Atsikana a msinkhu umenewo sindiwayeza ndekha, ndimapempha mayi wawo kapena mwana wanga kuti agwire tepi. Ndisanaganize n'komwe, iye anali atatenga kale tepi pamakina. Anamuyeza mnzakeyo m'chiuno, m'mapewa, kutalika kwa siketi, akutchula manambala momveka bwino, ine ndikulemba ndi choko pansalu.

"Undipeza komweko pa yachiwiri," anatero mnzakeyo.

"Eya," anayankha.

Mayi aja anati Mulungu ali ndi nthawi yake. Atachoka, mwana wanga anapinda tepi bwinobwino n'kunena kuti akukamwa madzi kumpopi wa kumsika. Anachedwa kubwera, ndipo sindinamufunse.

Sukulu zinatsegulira. M'mawa uliwonse ana ankadutsa panjira ya kwathu atavala zimene ndinasoka ine, iye akusesa pabwalo. Lolemba lililonse ankapita kusukulu yake yakale kukafunsa ngati mayina achiwiri abwera. Atabwera, kunali mayina ochepa oti n'kuwerenga ndi zala, ndipo lake panalibe. Tsiku limenelo sanalire. Anafika kunyumba, anatenga ndowa, napita kukatunga madzi ngakhale mitsuko yonse inali yodzaza.

Panalipo njira ziwiri. Ina inali pulaiveti, imene ine sindikanaikwanitsa ngakhale nditagulitsa makina. Ina inali kubwereza Sitandade 8. Maganizo oti akabwerezere kuphiri anabwera ndi alamu anga, achimwene a mkazi wanga. Iwo amakhala pamwamba pa phiri la Zomba chakuseri, amalima mbatatesi ndi kugulitsa zipatso m'mbali mwa msewu. Anatsika tsiku lina kudzagula feteleza, namva nkhaniyi.

"Alamu, m'tauni muno ana ndi ambiri, mwana amamira," anatero. "Mubweretseni kwathu. Kusukulu ya kufupi ndi ife a Sitandade 8 ndi ochepa, ndiponso ambiri amajomba. Uyu kumeneko adzaonekera patali ngati mtengo wa pakati pa dambo."

Anthu ambiri ankachita zimenezi, kutumiza ana kumidzi kuti akalembere kumeneko. Mkazi wanga anavomera, inenso ndinavomera. Titamufunsa mwiniwake, anangoti, "Mmene mwaoneramo."

Ndinamuperekeza ndekha. Tinakwera galimoto yonyamula matabwa mpaka pamene msewu wabwino umathera, kwinako tinayenda wapansi, ine nditasenza matilesi, iye chikwama cha mabuku. Tinkapatukira anthu otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu. M'tauni kunali kutentha kowotcha mapazi, koma m'mitengo ya paini muja mphepo inkalowa m'malaya. Nyumba ya alamu inali ya matabwa, yofolera ndi malata akale. Mwana anayang'ana uku ndi uku nati, "Kuno kuli zii." Ndinamusiya akuyala matilesi pambali pa matumba a mbatatesi.

Chaka chimenecho ndinkakwera phiri ndikapeza mpata. Sankadandaula. Alamu ankamuyamikira kuti mphunzitsi akapanda kubwera, iyeyo ndi amene amaima kutsogolo kuphunzitsa anzake Chingerezi. Loweruka ankathandiza amalume ake kugulitsa masitiroberi kwa alendo a m'magalimoto. Nyengo yozizira itafika ndinamupeza manja atang'ambikang'ambika, milomo itauma, akuwerenga padzuwa atafunda bulangeti. Chifunga chikabwera ankalowa kukhitchini, kumene utsi unkamufiiritsa maso. Tsiku lina pondiperekeza anandifunsa funso limene ndilibe yankho lake mpaka lero.

"Ababa, ndikapandanso kusankhidwa, mudzanditumiza kuti?"

"Usankhidwa, mwanawe."

"Chaka chathanso munatero."

Analembanso mayeso. Zotsatira zitatuluka, alamu anandiimbira foni ndili pamakina.

"Alamu, dzina latuluka. Wasankhidwa."

Ndinasiya buluku la munthu lili pansi pa singano, ndinathamangira ku Zakazaka kukauza mayi ake. Iwo anagwada pakati pa nyumba n'kupemphera. Madzulo ake tinapha nkhuku, ngakhale mwini chisangalalocho anali kuphiri. Tili mkati modya m'pamene mkazi wanga anafunsa kuti, kodi wasankhidwira kuti? Ndinaimbanso foni. Alamu anatchula dzina la sukulu imene ndinali ndisanaimvepo. Sinali yogonera komweko. Inali sekondale yoyendera imene pulayimale ija imatumizako ana ake, ndipo inali kumunsi, kuseri kwa phiri, mbali yosiyana ndi tauni. Tonsefe m'maganizo mwathu tinkaona mwana akupita kusukulu yogonera. Palibe anafunsapo kuti akapanda kufika pamenepo adzagwera kuti.

Komabe malo anali malo. Ndinamusokera yunifolomu ndi nsalu yabwino kuposa imene ndinasokerapo mwana wa munthu wina aliyense. Siketi ndinaipinda kwambiri kumunsi kuti azingoitsitsa akamakula, imufikitse Fomu 4. Ataivala anazungulira pamaso pa azing'ono ake, ndipo ndinamumvanso akuseka mmene ankasekera kale.

Poyamba ankayendera kuchokera kwa amalume ake. Ankanyamuka kusanache, n'kutsika kanjira ka miyala, ndipo pobwerera ankakwera chitunda chonsecho ndi njala, n'kufika dzuwa litalowa. Mvula itayamba, kanjirako kanasanduka matope oterera, ndipo kamtsinje ka panjira kankadzaza moti masiku ena ankabwerera pomwepo. Tinagwirizana kuti achite zimene ana a kumeneko amati selofu, kuchita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha. Anapeza malo ndi atsikana ena awiri.

Ndinapita kukaona kachipindako. Kanali kuseri kwa golosale, ndipo pafupi pomwepo panali nyumba yogulitsa kachasu. Pansi panali dothi, zenera analitseka ndi katoni, chitseko ankachikoletsa ndi msomali wopindika. Ndinabwereka hamala kugolosale n'kukhoma mpiringidzo wachitsulo umene ndinagula pamsika wa kumeneko. Amuna okhala pakhomo la kachasu ankandiyang'ana ndikukhoma. Mmodzi anafunsa ngati ndine bambo wa wamtaliyo, ndipo anzake anaseka.

Pobwerera ndinatsimikiza mtima kuti ndimuchotsako. Ndinapita kuofesi ya zamaphunziro kukafunsa za tiransifa. Mayi amene ndinamupeza anandilandira bwino. Anati n'zotheka, mwana wosankhidwa akhoza kusamukira kusekondale ina yoyendera, bola ahedi a sukulu yomulandirayo alembe kalata yonena kuti malo alipo. Ndinatuluka mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti ndi nkhani ya tsiku limodzi.

Ndinayenda masekondale onse oyendera a m'tauni ndi m'mbali mwake, makina nditawafunditsa nsalu. Kwina ankati ahedi achoka, ndibwere mawa. Kwina ankati ndibwere teremu ya mawa, mwina wina adzakhala atasiya. Ahedi ena, mayi, sanandiyankhe ndi pakamwa. Ananditenga n'kukandiimitsa pazenera la Fomu 1. Ana anali atakhala mothithikana mpaka pakhomo, ena pansi, makope ali pamaondo, mphunzitsi alibe ngakhale potembenukira.

"Ndimuike pati, bambo?" anafunsa.

Ndinathokoza n'kutuluka. Ngakhale zinali choncho ndinkabwererabe kumayambiriro kwa teremu iliyonse, mpaka alonda a pageti anandizolowera n'kumandipukusira mutu ndisanafike n'komwe.

Mwana anapirira chaka chonse cha Fomu 1. Mayi ake ankamupititsira ufa, nyemba ndi matemba. Patchuthi ankabwera ataonda, wosalankhulalankhula. Ndikamufunsa za sukulu ankati zili bwino. Kamodzi kokha ananena kuti mphunzitsi wa sayansi anachoka ndipo sanabwere wina, ndiponso kuti buku la Chingerezi ndi limodzi, limakhala ndi aphunzitsi.

Fomu 2 itangoyamba kumene, masana ena ndinadzutsa mutu pamakina n'kuona wakabaza ataima kutsogolo kwa khonde, matilesi atamangidwa kumbuyo. Mwana wanga anali ataima pambali pake, chikwama chili m'manja.

"Kwagwanji? Wadwala?"

"Ayi."

"Akuthamangitsa?"

"Ayi, ababa. Sindibwererako."

Ndinamufunsa chifukwa, iye anangoyamba kumasula matilesi pakabaza. Anthu a pakhonde anayamba kutiyang'ana, choncho ndinatseka makina tinapita kunyumba. Kumeneko ndinalankhula kwambiri. Ndinamukumbutsa kuzizira kwa kuphiri, manja ong'ambika aja, ana onse amene akulirira malo ngati akewo. Iye anangokhala pamkeka atayang'ana pansi. Zoona zake anauza mayi ake patapita masiku, ndipo iwo ndi amene anandiuza. Mmodzi mwa atsikana a m'chipinda muja anatenga mimba n'kubwerera kwawo. Winayo makolo ake anamutenga ataona zimenezo. Mwana wanga anatsala yekha. Amuna a kukachasu aja anadziwa kuti watsala yekha, ndipo ankabwera kudzakankha chitseko akumutchula dzina. Mpiringidzo sunathyoke, koma iye ankachezera kukhala tsonga atagwira mpeni wosendera mbatata, kukacha n'kumakawodzera m'kalasi.

Ndinati ndipita ndikalankhule ndi ahedi a kumeneko, tipeze chipinda china. Ndinati mwina abwerere kwa amalume ake aziyenderanso. Mkazi wanga anandidula mawu.

"Mvula ikubwera, kamtsinje kaja mukukadziwa," anatero. "Ndipo chipinda china chili kuti kumene kulibe amuna? Inu mukufuna abwere ndi satifiketi, koma mmene zililimu abwera ndi mwana, kapena sabwera n'komwe."

Siketi ija mkazi wanga anaichapa n'kuiika pansi pa sutikesi, mpindiro wake usanatsitsidwepo ngakhale kamodzi.

Panatsala njira imodzi. Masekondale ena a m'tauni amaphunzitsa masana ana osasankhidwa, ena aja akaweruka, koma fizi yake ndi yokwera kuposa ya osankhidwa. Nthawi imeneyo ntchito yanga inali itayamba kuchepa. Anthu anazolowera kaunjika, ndipo kwa telala ankangobweretsa zochepetsa m'chiuno ndi zosintha zipi. Azing'ono ake nawonso ankafuna makope ndi nsapato. Ndinamuuza kuti adikire chaka chamawa. Chaka chamawacho chitafika, mayi ake anadwala nthawi yaitali, ndipo iye ndi amene anagwira nyumba. Ndinamuuzanso kuti chaka chamawa. Ulendo wachitatu sindinanene kanthu, iyenso sanafunse.

Pano amachapa zovala ku Chirunga, m'mahositelo a ana a kuyunivesite. Anamupezera ntchitoyo ndi mayi wina wa kumpingo kwathu. Amanyamuka m'mawa ndi beseni ndi sopo, amabwera madzulo zala zitatuwa. Ndi mwana waulemu, sanandinenepo mawu oipa. Koma nkhani ya sukulu m'nyumba mwathu imakambidwa iye akatuluka. Azing'ono ake akamufunsa mawu a Chingerezi amawayankha mwachidule, osayang'ana m'buku.

Miyezi ingapo yapitayo mnyamata wina wa kuyunivesite anandisiyira suti kuti ndimuchepetsere, nandipempha kuti ndikamutulire kuhositelo kwake. Nditapereka sutiyo, ndinazungulira kuseri kwa nyumbayo kumene kuli mipopi. Ndinamupeza ataweramira beseni, chitenje chitanyowa kutsogolo konse. Atsikana awiri anadutsa atanyamula malaputopu. Mmodzi anamuponyera thumba la zovala nati, "Anti, izi zikhale zouma pofika mawa." Anali a msinkhu wake ndithu, mwina iye ndiye wamng'ono.

"Chabwino," anayankha.

Atadzutsa mutu anandiona. Anapukuta manja pachitenje n'kubwera kudzandipatsa moni, akupinda maondo monga amachitira kunyumba.

"Mwabwera kudzatani kuno, ababa?"

Ndinamuuza za suti. Madzi ankatayikira kuchokera m'beseni. M'chipinda china chapamwamba wina ankawerenga mokweza, akubwerezabwereza chiganizo chimodzi ngati akuloweza. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinafunsa.

"Mwanawe, zinthu zitati zayenda bwino chaka chino, ungabwerere kusukulu? Ya masana ija?"

Anapita kukatseka mpopi asanandiyankhe.

"Musamandifunse zimenezo, ababa," anatero mofatsa. "Ndinaphunzira kusaziganizira. Mukandifunsa chonchi ndimayambiranso, ndiye zimanditengera masiku kuti zichoke."

Ndinapepesa. Iye anati palibe kanthu. Kenako anavuula bulangeti lalikulu m'beseni, lolemera ndi madzi, n'kundipatsa mbali imodzi.

"Popeza mwabwera, tandithandizani kufinya ili. Ndekha limandipweteka msana."

Ndinagwira. Iye anapotoza mbali yake, ine yanga, madzi akuda akugwera pansapato zanga. Tinaliyanika pachingwe tonse awiri. Anandiuza kuti ndiuze mayi ake asamudikire pa chakudya, zovala zachuluka lero. Ndinabwerera kutauni wapansi, ngakhale akabaza ankandiitana njira yonse.